Chigubu Chomera Makutu

Achemwali anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Mwadzuka bwanji kumeneko, inu, alamu anga ndi ana onse? Nanga msana uja unakugwirani nthawi yokolola unakusiyani, kapena mukuyendabe mutagwira m'chiuno? Koposa zonse, amayi ali bwanji? Mutu uja ukuwagwirabe m'mawa? Funso ili musalidumphe poyankha, chifukwa kalata yonseyi yagona pamenepo.

Kuno tilipo. Mlamu wanu wachira bwinobwino, wayambanso kundilongolola, ndiye ndadziwa kuti mphamvu zabwerera. Khanda likukula, masaya tofutofu, ndipo layamba kumwetulira. Limamwetulira amake, limamwetulira eni nyumba, ngakhale wowotcherera zitsulo wa kuseri kwathu amene amalisokoneza tulo tsiku ndi tsiku limamumwetulira. Likaona ine limangondiyang'anitsitsa ngati likudziwa kanthu. Denga la kuchipinda likudonthabe pakona paja amayi anaika beseni, ndipo eni nyumba akuti adzakonza mvula ikatha. Chaka chatha ananenanso chimodzimodzi.

Mudabwa kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Chifukwa chake mukuchidziwa. Foni ikangolira kumeneko, amayi amakhala afika kale pambali panu, khutu lili tcheru, dzanja litatambasulidwa. Nkhani iyi ndikufuna muimve kaye nokha, kuyambira poyambira mpaka pothera, musanaipitirize. N'chifukwa chake ndapatsira msuweni wathu wa lole uja, ndipo ndamuuza kuti aipereke m'manja mwanu osati kusiyira ana. Khalani pansi powerenga. Ndalakwa, Achemwali, ndipo ndalakwira amayi.

Ndiyenera kukufotokozerani kaye ntchito yanga, poti kumeneko mumangouza anthu kuti ndili ku chipatala. Si chipatala ayi, ndi kafukufuku. Tili ndi makina ojambula m'kati mwa mutu, dzina lake MRI, koma ife timangowatcha Chigayo chifukwa cha phokoso lake. Ku zipatala zikuluzikulu makina oterewa amadzaza chipinda chonse, ndipo munthu wamba amadikira miyezi kuti alowemo. Athuwa ndi aang'ono, msinkhu ngati firiji, ali ndi matayala, ndipo pulagi yake timailowetsa pakhoma paja polowetsa ayironi. Timawakweza m'galimoto n'kupita nawo m'madera a anthu osauka, kumene makina oterewa sanafikeko chiyambire.

Ine ndinalowa ngati dalaivala. Ntchito yanga inali kuyendetsa, kutsitsa ndi kukankha basi. Ataona kuti manja anga sanjenjemera, anandiphunzitsa kwa masabata awiri kugoneka munthu pa kabedi, kumulowetsa mutu m'chipewa cha pulasitiki, ndi kudina pa tabuleti, chifoni chachikulu chopyapyala chimene chimalamula makinawo. Anandipatsanso malaya oyera. Achemwali, malaya oyera ndi oopsa. Anthu anayamba kundiitana kuti adokotala. Tsiku loyamba ndinkawakonza, lachiwiri ndinkangoseka, pofika lachitatu ndinali nditayamba kuyankha.

Timayenda ndi anamwino athu, mayi wachikulire wa magalasi, amene tinawapatsa dzina loti Mayi Mafomu. Munthu sayandikira Chigayo asanakhale nawo pansi. Amamuwerengera fomu ya masamba asanu ndi limodzi, pang'onopang'ono ngati akuwerengera mwana wa sukulu. Amamuuza kuti uku si kuchiza koma kufufuza. Amamuuza kuti chithunzi cha mutu wake chidzapita pa netiweki kukasungidwa m'kompyuta za kudziko lakutali, ndi kuti makina aang'onowa amaona mwachimbuuzi, akhoza kuphonya nthenda imene ilipo. Amamuuzanso kuti kukaoneka chodetsa nkhawa adzamuuza ngati iye akufuna kumva, n'kumulembera kalata ya ku chipatala chachikulu, koma mankhwala ndi opaleshoni ife tilibe. Akamaliza amamupempha kuti abwereze zonsezo m'mawu ake. Akalephera, amayambiranso tsamba loyamba.

Ine ndinkatopa nazo. Ndinkaima pakhomo ndikugogoda phazi pansi, mzere wa anthu ukutalika panja. Ndinawauzapo kuti anthuwa abwerera makina osati ulaliki. Iwo anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kupitiriza kuwerenga.

Ndikukumbukira telala wina amene anawapanikiza ndi mafunso. Anafunsa kuti chithunzicho chikapita kunjako chidzakhala cha yani, chake kapena cha eni kompyuta. Anafunsanso kuti pali phindu lanji kumuonetsa munthu njoka m'nyumba mwake pamene iwe womuonetsawe sunatenge ndodo. Mayi Mafomu sanamunamize. Anamuuza kuti funso lachiwirilo nawonso limawavuta, ndipo yankho lokhutiritsa alibe. Telalayo anapinda fomu n'kuika m'thumba, nati akaganize kaye. Ine ndinamuseka mumtima kuti wataya mwayi waulere chifukwa cha makani. Za telalayu ndikuuzaninso kutsogoloku.

Pali chinthu chinanso chimene muyenera kuchidziwa kuti mumvetse kulakwa kwanga. M'mawa uliwonse tisanagoneke munthu, timayesa kaye makinawo ndi chigubu cha pulasitiki chodzaza madzi, chozungulira, kukula kwake ngati mutu wa munthu wamkulu. Timachilowetsa m'chipewa muja n'kuchijambula, kuti tione ngati makina akuona bwino pambuyo pogwedezeka m'misewu yokumbikakumbika. Munthu aliyense amalowa ndi nambala imene Mayi Mafomu amapereka akasaina fomu. Popanda nambala tabuleti imakana. Chinthu chokha chimene chimalowa popanda nambala ndi chigubu.

Tsopano kumbukani miyezi iwiri yapitayo, amayi atabwera kuno kudzaona mdzukulu wawo. M'mawa uliwonse ankamanga mpango mothinitsa, akuti mutu ukugunda. Tsiku lina tikumwa tiyi kapu inawapulumuka m'manja n'kusweka, iwo anati chigwiriro chinali choterera. Ine ndinaona kuti chinali chouma. Ndinakumbukira momwe zinayambira ndi malemu bambo.

Mawa lake ndinapempha Mayi Mafomu kuti amayi alowe nawo m'Chigayo. Anakana. Anati kafukufukuyu analoledwa kwa anthu a m'madera amene analembedwa okha, ndipo amayi si a kumeneko. Anatinso munthu amene wayamba kugwetsa zinthu safunika dalaivala ndi makina, afunika kuonedwa ndi dokotala weniweni, ndipo anandilangiza kuti ndipite nawo ku chipatala mawa lomwelo. Ine ndinamva kuwawa. Ndinaganiza za mizere ya ku chipatala, ya kufika kusanache n'kubwerako dzuwa litapendeka ndi timapiritsi tiwiri. Ndinadzifunsa kuti ndingakankhe bwanji makina amenewa chaka chathunthu, kugoneka amayi a eni ake mazanamazana, anga n'kubwerera kwawo osaonedwa.

Sabata imeneyo makina anali m'holo ina ya pafupi ndi msika. Lachitatu masana, anzanga onse atapita kukadya, ndinalowetsa amayi pakhomo la kumbuyo. Anavala diresi lawo la kutchalitchi ngati akupita kokajambulitsa chithunzi chapakhoma. Pansi pamakhala mzere wachikasu wozungulira makinawo, ndipo chitsulo sichidutsa mzere umenewo chifukwa m'katimo muli maginito. Ndolo anavula msanga, mapini a m'tsitsi anachotsa, koma nkhondo inabuka pa makiyi aja amamangirira pakona ya nsalu. Anati makiyi amenewo sanachokepo pathupi pawo chimwalirire bambo, ndipo ngati makina akuopa makiyi ndiye ndi makina amantha. Ndinachita kuwanyengerera. Pomaliza anamasula n'kundipatsa, nati ndiwagwire m'manja, ndisawaike pansi.

Fomu sindinawawerengere. Sindinawauze kuti ndi kafukufuku, sindinawauze za kudziko lakutali, sindinawauze kuti akhoza kukana. Ndinangoti gonani apa, musagwedezeke. Tabuleti itafunsa nambala, ndinadina pamene pamalembedwa kuti chigubu.

Anagona phee, manja pachifuwa. Chigayo chinayamba kugogoda ndi kulira monga mwa masiku onse, ndipo musaseke, amayi anagona tulo m'phokoso limenelo. Chithunzi chitatuluka ndinachiyang'ana. Chinali chotuwatuwa, mbali ziwiri ngati zofanana, monga mitu ina yonse imene ndakhala ndikuiona ikudutsa pa tabuletipo. Atadzuka anandifunsa kuti ndapeza chiyani. Ndinati palibe, m'mutu mwayera. Anandigwira mkono n'kufunsanso ngati ndayang'anadi bwinobwino. Ndinati eya, ndayang'ana. Nkhope yawo inamasuka, Achemwali, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Ndinawabwezera makiyi awo, ndinafufuta chithunzicho pa tabuleti, ndipo ndinawatulutsa anzanga asanabwerere. Ku chipatala kuja Mayi Mafomu ananena sitinapiteko. Ndinadziona kuti ndine mwana wothandiza.

Chimene ndinaiwala n'chakuti makinawo amatumiza chithunzi chilichonse pa netiweki nthawi yomweyo chikangotuluka. Zimenezi ndinkazimva tsiku lililonse m'kamwa mwa Mayi Mafomu, pa tsamba lachitatu, koma ndinkamva ndi khutu la munthu wotopa. Kufufuta kwanga kunali ngati kusesa pakhomo pamene mbuzi yadutsa kale. Zithunzi za chigubu palibe amene amaziyang'ana tsiku ndi tsiku. Zimangounjikana, ndipo pakapita miyezi iwiri katswiri wina wa kunjako amazitsegula zonse pamodzi kuti aone ngati makina sakufooka.

Sabata ziwiri zapitazo adokotala aakulu, mayi amene amatsogolera kafukufukuyu, anatiitana tonse mu ofesi. Tinalipo asanu. Anatembenuza kompyuta kuti tonse tione, nati katswiri wa kunja uja wawalembera kuti chigubu chathu chamera makutu ndi mphuno. Anzanga anaseka. Inenso ndinayesa kuseka nawo. Kenako adokotala anasiya nthabwala. Anati katswiriyo ataona kuti ndi mutu wa munthu anauonetsa kwa dokotala wodziwa kuwerenga zithunzi, ndipo dokotalayo wati muli chinthu chimene chiyenera kuonedwanso ndi makina aakulu, mosachedwa. Anati sakufunsa kuti walakwa ndani, akufunsa kuti mutuwo ndi wa yani, chifukwa kwinakwake kuli munthu amene akuyenda osadziwa.

Apa ndiye pamene ndikuchita napo manyazi kwambiri. Ndinakhala chete. Mayi Mafomu anavula magalasi n'kumawapukuta, osandiyang'ana n'komwe, ndipo ndinadziwa kuti akudziwa. Komabe ndinakhala chete. Ndinaganiza za ntchito, za khanda, za mlamu wanu. Ndinadzinamiza kuti mwina dokotala wa kunjayo waona mthunzi chabe, poti makinawa amaona mwachimbuuzi. Ndinadzinamizanso kuti ndidzapeza njira ina yopititsira amayi ku chipatala popanda kuulula. Masiku awiri athunthu ndinakankha makina, ndikuyankha anthu ondiitana kuti adokotala, mutu wa amayi anga uli pa kompyuta wopanda dzina.

Amene munandithyola ndi inu, ngakhale simunadziwe. Mukukumbuka Lachisanu lija munandiimbira za mbewu? Tikumaliza munanena moseka kuti masiku ano amayi sakupitanso kokayezetsa kuthamanga kwa magazi, buku la kuchipatala analiika pansi pa sutikesi, ndipo mapiritsi amamwa akakumbuka. Munati akuuza aliyense wodutsa kuti mwana wawo, dokotala wa mu tauni, anawaona m'mutu ndi makina n'kupeza kuti mwayera. Munaseka, inenso ndinaseka. Nditadula foni ndinakhala pa sitepe ya galimoto. Ndinazindikira kuti sikuti ndangolephera kuwathandiza kokha ayi. Ndawachotsa ngakhale pa kathandizo kochepa kamene anali nako.

Masana omwewo ndinagogoda pa ofesi ya adokotala aakulu n'kunena zonse. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anandifunsa zaka za amayi, za kapu ija, za mankhwala amene amamwa, n'kumalemba. Atamaliza ndinawapempha kuti andiuze chimene chaoneka. Anakana.

Achemwali, ndinapsa mtima. Ndinati amenewo ndi amayi anga, anandibereka, ndine ndinawagoneka pa kabedipo. Adokotala anayankha modekha kuti vuto lagona pomwepo, kuti amayi ndawasankhira kale kamodzi ndipo sandilola kuwasankhiranso kachiwiri. Anati lamulo likuti za m'thupi mwa munthu wamkulu, wamaganizo ake abwinobwino, zimauzidwa kwa mwini wake poyamba, ndipo iye ndi amene amasankha woti amve naye. Ndinawapempha kuti angondionetsa malo ake pa chithunzipo. Anandilola kuchiyang'ananso, osaloza. Ndinachiyang'ana mpaka maso anachita misozi, ndipo sindinaone kanthu, chimodzimodzi tsiku lija. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kukula kwa bodza limene ndinawauza amayi.

Ndiye ndikamati sindikudziwa chimene chili m'mutu mwa amayi, musaganize kuti ndikukubisirani. Sindikudziwadi. Adokotala anangonena kuti chikhoza kukhala chinthu chochizika, chikhozanso kukhala chosadetsa nkhawa pambuyo pooneka bwino ndi makina aakulu, koma si chinthu chodikira nacho mpaka chaka chamawa. Anatinso mapiritsi a magazi aja ayambirenso kumwa tsiku lililonse, ndipo zimenezo sizidikira kalata kapena fomu. Chonde yambani ndi pamenepo lero lomwe.

Nkhaniyi inapita ku komiti imene imayang'anira kuti ofufuza asapondereze anthu. Anandiitana kuti ndikafotokoze. Munali madokotala, loya, mbusa ndi mayi wina woimira anthu a m'madera. Ndinkaganiza kuti akambirana za ine, koma nthawi yambiri anakangana za chithunzicho. Loya anati chithunzi chojambulidwa popanda chilolezo sichiyenera kukhalapo n'komwe, ndipo chatuluka m'dziko mwini wake osadziwa, zimene zikhoza kutseketsa kafukufuku yense. Anati mwa lamulo chiyenera kufufutidwa kulikonse kumene chili. Adokotala aakulu anayankha kuti kompyuta ikhoza kuiwala koma iwo aona kale, ndipo sangayerekeze ngati sanaone. Mayi woimira anthu uja anafunsa kuti n'chifukwa chiyani makina amene amatha kujambula mutu wa munthu amasiyidwa m'manja mwa dalaivala wa masabata awiri, m'holo yosakiya, popanda womuyang'anira. Funso limenelo silinandikomere, koma silinali langa ndekha, ndipo adokotala anaweramitsa mutu.

Chimene anagwirizana ndi ichi. Amayi afunsidwe zimene anayenera kufunsidwa poyamba. Auzidwe momwe chithunzi chinajambulidwira ndi kumene chinapita. Kenako asankhe okha. Akafuna kumva chimene chaoneka, abwere, adokotala aakulu akhala nawo pansi, awafotokozera, ndi kuwalembera kalata ya ku chipatala chachikulu. Kupitirira apo kafukufuku sangachite kanthu, amayi alowa pa mzere ngati wina aliyense, ngakhale adokotala alonjeza kuimba foni kuti kalatayo isakagone m'kabati. Akakana kumva, chithunzicho chifufutidwa kuno ndi kunja komwe, ndipo palibe adzauzidwe, ngakhale ine kapena inu.

Za ine, malaya oyera andilanda ndipo tabuleti sindikhudzanso. Ndabwerera pa chiwongolero, ndikudikira kuti komiti igamule ngati ndikhalebe pa ntchito. Mlamu wanu analira tsiku limodzi, lachiwiri anandiuza kuti akanandilirira kwambiri ndikanapitiriza kukhala chete. Zimenezo zisakudetseni nkhawa, manja ndili nawo, galimoto zoyendetsa sizinathe m'dziko.

Chimene chikundiwawa n'chakuti Chigayo achiimitsa kwa milungu itatu kuti akonze kayendetsedwe kake. Anthu amene anali atalembetsa akubwezedwa, ndipo ine ndi amene ndinatumidwa kukamata chidziwitso pa chitseko cha holo. Ndikumata, ndinamva munthu akundipatsa moni kumbuyo. Anali telala uja. Anatulutsa fomu ija m'thumba, itatha m'mopinda, nati waganiza kwa miyezi itatu, wafunsa mkazi wake ndi ana, ndipo tsopano wavomera. Ndinamuuza kuti makina aima. Anafunsa ngati awonongeka. Ndinati ayi, makina ali bwino, anawonongeka ndi wowakankha. Anandiyang'ana, n'kupindanso fomu yake bwinobwino, nati adzabweranso. Munthu amene ndinkamuseka uja anachita zonse m'njira yake, ndipo ndine ndamutsekera chitseko.

Paja amayi ankandiuza kuyambira ndili mwana kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo dzina loti Waphuma sanandipatse pachabe. Ndakula nalo mpaka ndabereka mwana, dzinalo likundikwanabe.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Muwafunse amayi. Ndikanabwera ndekha, ndipo ndinapempha kutero, koma komiti yati wofunsa asakhale ine, chifukwa amayi akaona nkhope yanga adzavomera chilichonse pofuna kundipulumutsa. Adokotala akufuna kulankhula nawo okha pa foni, koma akuti ndi bwino ayambe amva kwa munthu wa m'nyumba, kuti foni ya mlendo isawadzidzimutse. Nambala yawo ili pa pepala limene ndaika m'kati mwa kalatayi. Pepalalo alemba ndi Mayi Mafomu ndi dzanja lawo. Masamba asanu ndi limodzi aja awafupikitsa kukhala limodzi, m'mawu amene amayi angamve. Anandipatsa osanena kanthu za m'mbuyo, anangoti uzani achemwali anu awerenge pang'onopang'ono.

Ndikukudziwani, Achemwali. Mukangomaliza kuwerenga apa muyamba kuganiza njira yachidule. Muganiza zowauza kuti khanda ladwala kapena mlamu wanu akuwafuna, kuti akwere basi mawa osafunsa zambiri. Ndi mmene munawatengera kokazula dzino chaka chija, ndipo mpaka lero amakutchulani nazo. Inenso maganizo amenewo anandifikira, sindikana. Koma chonde musatero. Anyengedwa kale kamodzi ndi mwana wawo mmodzi, asanyengedwenso ndi wachiwiri. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo ili ndi lawo.

Sankhani nthawi imene ana ali ku sukulu. Khalani nawo pa khonde la kuseri, pamene amakonda kusokera. Muwauze kuti chithunzi cha mutu wawo chinapita kutali iwo osadziwa, ndipo wolakwa ndi ine. Muwawerengere pepalalo, ndipo mukamaliza muwapemphe abwereze m'mawu awo. Adzakwiya n'kunena kuti si mwana, koma limbikirani. Akafunsa za ntchito yanga muwauze kuti yankho lawo silisintha kanthu pa zimenezo, chifukwa ndi zoona, ndinafunsa ku komiti. Akavomera, mubwere nawo inuyo, musawakweze okha. Ndidzakudikirani pa depoti, ndipo chipinda chodontha chija tidzagonamo ife.

Pali mawu ena amene sali pa pepala la Mayi Mafomu, ndipo awa ndi anga. Tsiku lija anandigwira mkono n'kundifunsa ngati ndayang'anadi bwinobwino. Muwauze kuti ndinayang'ana, koma sindinaone kanthu chifukwa sindidziwa kuona. Muwauze kuti mwana wawo si dokotala, ndi dalaivala amene anabwerekedwa malaya oyera. Ndikudziwa kuti izi ziwapweteka, mwina kuposa mutuwo, poti auza kale mudzi wonse. Akafuna kundikalipira muwapatse foni, ndidzamvera mpaka amalize.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti mpope uja ndinaupeza ndipo ubwera ulendo wina wa lole. Moni kwa ana onse, makamaka wamkuluyo amene akulemba mayeso, alimbikire. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa mng'ono wathu ngati watulukira. Nkhaniyi asaimve kaye onsewa mpaka amayi atanena okha amene akufuna kuti adziwe. Mlamu wanu akupereka moni wambiri, ndipo akuti kamtsamiro kamene amayi anasokera khanda ndi kokhako kamene limagonera.

Amayi akakana kumva, akana. Ndalonjeza pamaso pa komiti kuti sindidzawakakamiza, ndipo ndidzasenza zimenezo moyo wanga wonse ngati zitero. Koma Achemwali, akakana musathamangire kundiimbira. Dikirani kuche, muwapangire tiyi, muwafunsenso. Mayi Mafomu akuti kufunsa kawiri si kukakamiza. Ndinachita kuwafunsa, ndipo ulendo uno ndinamvetsera mpaka anamaliza.

Ndine mlongo wanu amene akudikira yankho,

Waphuma